Chilengezo: Malamulo a Mpikisano wa Zithunzi

Mamembala nonse,

Mpikisano wathu wayandikira, ndiye tikumbutsane malamulo kuti tisadzakangane pambuyo pake.

Aliyense atumize zithunzi zosaposa zitatu, zojambula yekha. Zikhale za JPEG, ndipo posankha kasungidwe ka mitundu (color space) musankhe sRGB, chifukwa za Adobe RGB zimaoneka zofwifwa pa masikirini ambiri. Musalembe dzina lanu pachithunzi, oweruza asadziwe mwini wake.

Pomwe timasemphana kawirikawiri ndi pa kukonza zithunzi pakompyuta. Kudula m'mbali, kuwalitsa kapena kudetsa pang'ono, palibe vuto. Koma kufufuta munthu, kuika mbalame kumwamba komwe kunalibe, kapena kupanga chithunzi ndi AI, ayi ndithu. Musachotse EXIF (uthenga womwe kamera imasunga m'chithunzi, monga tsiku lojambula ndi mtundu wa kamera), ndipo sungani fayilo ya RAW (yoyambirira yochokera m'kamera, yosakonzedwa), chifukwa wopambana tidzamufunsa aonetse. Ojambula ndi foni musade nkhawa, chithunzi choyambirira chomwe chili m'fonimo ndi chokwanira.

Ngati nkhope ya munthu ikuoneka bwino, mupemphe chilolezo chake. Akakhala mwana, funsani makolo.

Tumizani pa imelo ya kalabu, osati pa WhatsApp, popeza imafinya chithunzi n'kuchotsa EXIF. Zofika mochedwa sitilandira, ngakhale zitakongola chotani.

Zikomo,
Komiti