Kwacha inalipo mu 1968?

Akonzi,

Loweruka lapitali ndinaonera ndi adzukulu anga filimu ina yachimalawi yonena za banja la alimi a thonje kuno ku Chigwa cha Shire m'chaka cha 1968. Nkhani yake njogwira mtima, koma zina zinandikhumudwitsa.

Bambo atagulitsa thonje akulandira makwacha. Makwacha ati? Kwacha inayamba mu 1971. Nthawi imeneyo tinkawerenga mapaundi, masheleni ndi makobiri, ndipo mayi anga ankamanga sheleni pakona pa nsalu. Kenaka mtsikana akupita kukatunga madzi ku Shire atanyamula chigubu chachikasu cha mafuta ophikira, mmalo mwa mtsuko kapena ndowa. Akutsika kudooko wavala chitenje chofiira, pobwerera chasanduka chobiriwira. Mdzukulu wanga wa zaka 9 ndiye anayamba kuona, nkufunsa kuti, "Agogo, wasinthira kuti?" Padenga la nyumba yoyandikana nayo pakuoneka sola, ng'anii!

Chondiwawa kwambiri nchilankhulo. Agogo a m'filimumo akupereka moni kuti "bho", Chisena kapena Chimang'anja osamveka olo liwu limodzi. Opanga mafilimu, tikadalipo ife amene tinaona zaka zimenezo. Bwerani ku Ngabu mudzatifunse musanayambe kujambula.

Ine wowerenga wanu,
Ngabu, Chikwawa