Aphunzitsi a sayansi apatsidwe mpata m'malabotale a kuyunivesite

Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani ya aphunzitsi a sayansi a kusekondale amene, m'mayiko ena monga America, amathera tchuthi chawo m'malabotale a kuyunivesite, kugwira ntchito limodzi ndi akatswiri ofufuza za ulusi wa kangaude. Ine ndaphunzitsa sayansi kuno ku Harare kwa zaka zambiri, ndipo sindibisa kuti zochuluka zimene ndinkauza ana ndinkangozitola m'buku, osazionapo ndi maso anga.

Kangaude amasunga m'mimba mwake mapuloteni amadzimadzi, amene amasanduka ulusi pomwe akukokedwa potuluka. Ulusi umenewu, mukauyerekeza ndi chitsulo cholemera mofanana nawo, ndi wolimba kuposa chitsulocho, komanso umatamuka kwambiri usanaduke. Chovuta n'chakuti akangaude sawetedwa ngati mbozi za silika, poti mukawaika malo amodzi amadyana. N'chifukwa chake nsalu imodzi yokha yolukidwa ku Madagascar, imene inaonetsedwa ku New York mu 2009, inafuna akangaude oposa 1 miliyoni, ogwidwa m'tchire, kukamidwa ulusi, kenako n'kumasulidwa. Pofuna kulambalala vutoli, Pulofesa Randy Lewis wa ku Utah State University anaweta mbuzi zosinthidwa chibadwa kuti mkaka wake uzikhala ndi puloteni ya ulusiwu.

Chimene chimandiwawa n'chakuti abale ake a akangaude a ku Madagascar aja, oluka ukonde wachikasu ngati golide, ali m'mipanda mwathu momwemu, ndipo ife timangowasesa ndi tsache. Mphunzitsi amene wakhalapo milungu ingapo mulabotale, napachika tizitsulo pa ulusi mpaka utaduka, nalemba yekha zotsatira zake, akabwerera m'kalasi amadziwa kuyankha mwana wofunsa kuti zimenezi anthu anazidziwa bwanji. Ine funso limenelo linkanditulutsa thukuta.

Choncho ndikupempha akuluakulu a University of Zimbabwe ku Mount Pleasant, pamodzi ndi unduna woona za maphunziro a pulayimale ndi sekondale, kuti pa tchuthi cha Ogasiti aziitana aphunzitsi ochokera ku Mbare, Highfield ndi Epworth, osati a sukulu za anthu olemera okha, ndipo aziwapatsako ndalama yokwerera kombi, chifukwa malipiro a mphunzitsi tonse tikuwadziwa.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
Highfield, Harare