Lipoti la msonkhano wa malamulo a Mpingo wa Katolika

Abale ndi alongo, ndabwerako kumsonkhano umene munanditumako, ndipo zikomo pondikhulupirira.

Wansembe amene ankatiphunzitsa anayamba ndi kusiyanitsa lamulo la Mulungu, limene palibe angalikhudze, ndi malamulo amene Mpingo umadziikira kuti zinthu ziyende mwadongosolo. Awa amasintha. Buku la malamulo la 1917 linasiya kugwira ntchito Papa John Paul II atakhazikitsa latsopano mu 1983. Mkulu wina wa imvi anatikumbutsa kuti ali mwana, wofuna kulandira Ukaristia ankasala kuyambira pakati pa usiku. Papa Pius XII anachepetsa nthawiyo mu 1957 kufika maola atatu, ndipo lero ndi ola limodzi lokha.

Nkhani imene inandigwira mtima ndi ya amayi. Kwa zaka zambiri akhala akuwerenga Mawu pa Misa, koma lamulo nambala 230 linkati amuna okha ndiwo aziikidwa pa udindo wowerenga ndi wotumikira paguwa. Papa Francis anachotsa mawu oti "amuna" mu Januwale 2021. Mayi amene ndinakhala naye pafupi, woti wawerenga Mawu kuyambira ali mtsikana, anangogwira buku lake la mapemphero pachifuwa, osanena kanthu. Ine ndinaona kuti lamulolo linangovomereza mochedwa ntchito imene amayi anali ataisenza kale.

Za maukwati tinatha nazo masana onse. Kuyambira 2015, chigamulo cha khothi limodzi la Mpingo chimakwanira kunena kuti ukwati sunamangike kuchokera pachiyambi, pamene kale pankafunika makhothi awiri ogwirizana. Uku si kuthetsa banja, chonde tiwafotokozere bwino anthu. Alipo pakati pathu amene asiya masakramenti kwa zaka poganiza kuti mlandu wawo sungatheke.

Pamene tinakangana ndi pa lamulo nambala 1083, loti mnyamata angakwatire ali ndi zaka 16, mtsikana 14. Ndinaimirira n'kunena kuti wa zaka 14 ndi mwana, malo ake ndi kusukulu. Wansembe uja anatiyankha kuti lamulo lomwelo limalola bungwe la maepiskopi kukweza zakazo, komanso lamulo nambala 1071 limaletsa wansembe kudalitsa ukwati wosavomerezeka ndi boma popanda chilolezo cha episkopi. Mtima wanga sunakhazikikebe.

Ndikupempha kuti tikakumananso tiitane bambo mfumu adzatifotokozere njira yokasumira nkhani za ukwati, ndipo tisankhe amayi awiri oti mayina awo tikapereke pa udindo wowerenga.