Kalata yopita ku Johannesburg: za mlongo wanu ndi mwana wake

Ulónguè, Angónia

Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Joni. Kuno tilipo, ndipo anthu ali pa kalikiliki wokumba kachewere m'madimba. Uthenga wanu ndinaulandira, koma ndinaona kuti nkhani yake ndi yolemera moti singayankhidwe ndi mawu awiri a pa WhatsApp, n'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndikulembereni bwinobwino.

Mwafunsa ngati ndalama zimene mwasunga zingakwanire kutengera mwana wa mlongo wanu kuchipatala cha matenda a maganizo cha Infulene ku Maputo, popeza kugwa kwake ndi khunyu kwawirikiza ndipo kwa asing'anga sikunaphule kanthu. Ine ndikukupemphani kuti ulendo umenewo muuleke. Chipatala cha Infulene, monganso china chija cha ku Nampula, chinamangidwira anthu amene adwalika kwambiri moti ayenera kugonekedwa, ndipo kuchoka kuno kukafika ku Maputo ndi ulendo wa makilomita oposa 1,500. Matenda a mnyamatayu safuna ulendo umodzi waukulu. Amafuna mankhwala akumwa tsiku ndi tsiku kwa zaka, ndiponso munthu wodziwa ntchito amene angamuone mwezi ndi mwezi, kumuyeza sikelo, kufunsa kuti wagwa kangati, n'kuwonjezera kapena kuchepetsa mlingo wa mankhwalawo. Zimenezi sizingachitikire ku Maputo pamene mwanayo amagona kumudzi kwawo ku Domué.

Mwina simukudziwa, poti munachoka kale, kuti kuyambira mu 1996 Unduna wa Zaumoyo wa kuno ku Mozambique unayamba kuphunzitsa anthu amene timawatcha matekiniko a matenda a maganizo. Si madokotala aakulu, koma amaphunzira zaka ziwiri ndi theka za matenda amenewa okhaokha, ndipo ali ndi chilolezo choyeza wodwala ndi kumulembera mankhwala. Boma linachita zimenezi litaona kuti madokotala aakulu a matendawa ndi owerengeka ndipo ambiri mwa iwo ali ku Maputo, tsono linafuna kuti distirito iliyonse ikhale ndi tekiniko wake. M'dziko lathu lino khunyu limaonedwa pa khomo lomwelo la matenda a maganizo, ngakhale kuti khunyu si misala. Choncho poyambira pa mnyamatayu ndi pachipatala chaching'ono cha kwawo, kumene adzamulembera kalata yobwera nayo kwa tekiniko kuno ku Ulónguè, ndipo ngati tekinikoyo ataona kuti zamukulira, ndiye amene adzamutumize kuchipatala chachikulu cha ku Tete.

Ndikudziwa kuti kumudzi akunena kuti mwanayu analodzedwa chifukwa cha nkhani ija ya malire a munda. Sindikufuna kukangana ndi akuluakulu, koma inu ndinu atsibweni ake, mwini mbumba, ndipo muyenera kudziwa zimene achipatala amanena. Khunyu limayamba pamene ubongo wavulala kapena wasokonezeka penapake. Ena limawagwira chifukwa anachedwa kupuma pobadwa, ena chifukwa anadwala malungo a mu ubongo ali aang'ono, ena chifukwa anavulala m'mutu. Koma kuno ku Angónia kuli chifukwa china chimene sitikonda kuchitchula, ndicho nkhumba zathu zoyenda zokha m'mudzi. Mukukumbukira timatuza toyera tonga mpunga timene timapezeka m'nyama ya nkhumba zina pamsika. Munthu akadya nyama yoteroyo isanapse bwino, m'mimba mwake mumakula njoka yaitali yaphanthiphanthi, ndipo mazira a njokayo amatuluka ndi chimbudzi. Ngati munthuyo amapita kutchire, nkhumba zimadya mazirawo, ndipo ena amafika m'madzi, m'ndiwo zamasamba ndi m'manja mwa ana. Mwana akameza mazirawo, timatuza tija tingathe kukamera mu ubongo mwake, ndipo patapita zaka amayamba kugwa. Akatswiri a ziweto anachitapo kafukufuku m'distirito yathu ino ndipo anapeza kuti vutoli lilipo ndithu m'nkhumba za kuno. Sindikunena kuti ndicho chinachitikira mwana wa mlongo wanu, koma ndikunena kuti chimbudzi chabwino ndi khola la nkhumba ndi mbali imodzi ya chithandizo cha banja lonse.

Chimene chiyenera kukulimbitsani mtima n'chakuti, malinga ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, anthu okwana 70 pa 100 alionse odwala khunyu angathe kukhala osagwanso ngati ayezedwa bwino ndi kumwa mankhwala moyenera. Mankhwala amene amaperekedwa kawirikawiri ndi phenobarbital ndi carbamazepine. Masabata oyamba mwana amatha kumawodzera, ndipo apa ndi pamene mabanja ambiri amalakwitsa, chifukwa amasiya kumupatsa poganiza kuti mankhwalawo akumupusitsa, kapena amasiya ataona kuti miyezi yatha asanagwe. Kusiya mwadzidzidzi ndi koopsa kwambiri, pakuti kugwa kumabwereranso mwamphamvu kuposa kale. Wolamula kuti asiye ndi tekiniko yekha, ndipo amachepetsa pang'onopang'ono.

Muwauzenso akumudzi kuti akagwa asamuthawe. Thovu la m'kamwa mwake silipatsira, ngakhale mpweya wake, ndipo nkhani yakuti amene wapsa ndi moto sachiranso yachititsa kuti ana ambiri asiyidwe opanda chithandizo pamene akanathandizika. Akagwa amuchotse pafupi ndi moto kapena madzi, amuikire chitenje kumutu, ndipo kuphiriphithako kukatha amugoneke cham'mbali. Asamuike supuni kapena chala m'kamwa, asamumwetse kanthu mpaka atatsitsimuka, ndipo ngati mphindi zisanu zadutsa asanasiye, athamange naye kuchipatala. Za sukulu ndiye ndinadandaula nditamva kuti anamusiyitsa. Mwana wa khunyu amene akumwa mankhwala amaphunzira ngati mnzake aliyense. Chofunika n'chakuti wina wa pabanja akakhale pansi ndi aphunzitsi ake, awafotokozere zoyenera kuchita akagwa m'kalasi, kuti anzake asamamuthawe kapena kumupatsa mayina.

Tsopano ndinene za mlongo wanu, amene m'uthenga wanu munangomutchula podutsa, kuti masiku ano sayankha foni. Amayi a mumpingo andiuza kuti sagona, waonda, kudimba anasiya, ndipo akamacheza naye amangoti mutu ndi mtima zikumuwawa. Anapitapo kuchipatala, anamuyeza malungo n'kupeza kuti alibe, ndipo anabwerako ndi paracetamol. Achimwene, zizindikiro zimenezi zikapitirira masabata awiri zimaloza ku matenda ovutika maganizo, ndipo ndi matenda enieni amene ali ndi chithandizo chake. Kwathu kuno munthu wotere timamunena kuti ndi waulesi kapena wamwano, chifukwa tinazolowera kuti wodwala maganizo ndi yekhayo amene wavula zovala pamsika. Koma odwala ambiri ndi achete ngati mlongo wanuyu, amene wasenza mwana wodwala, mwamuna womwa kachasu ndi manong'onong'o a m'mudzi kwa zaka zambiri popanda womufunsa kuti iyeyo ali bwanji. Chithandizo choyamba cha matenda amenewa nthawi zambiri si mapiritsi ayi, koma kukambirana ndi munthu wophunzitsidwa kumvetsera, amene amathandiza wodwala kuyala mavuto ake poyera, kusankha limodzi loti ayambe nalo, ndi kubwerera pang'onopang'ono ku ntchito ndi kwa anthu. Kwa anansi athu ku Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa njira yotchedwa Friendship Bench, yophunzitsa agogo aakazi kuchita ntchito imeneyi atakhala pa benchi kunja kwa chipatala, ndipo ofufuza anapeza kuti odwala amapezadi bwino. Ngati matendawa akula, tekiniko amawonjezera mankhwala monga amitriptyline kapena fluoxetine, amene amatenga masabata angapo asanayambe kumveka m'thupi. Mukamalankhula naye, musaope kumufunsa mosapita m'mbali ngati anaganizapo zodzipha. Kufunsa sikuika maganizowo m'mutu mwa munthu, ndipo akavomera, asasiyidwe yekha, mankhwala a mbewu ndi a tizilombo ta m'munda achotsedwe m'nyumba, ndipo apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Ife a m'komiti ya zaumoyo ya dera lathu takhala tikukambirana chinthu chimodzi chimene ndikufuna kuti nanunso muchiganizire. Mu 2008, kuno ku Tete, a bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières pamodzi ndi achipatala cha boma ndi odwala eni ake anayambitsa magulu a anthu akumwa ma ARV amene timawatcha GAAC. Anthu osapitirira asanu ndi mmodzi a mudzi umodzi amagwirizana, ndipo mwezi uliwonse mmodzi amapita kuchipatala kukatengera anzake onse mankhwala, kwinaku iye akuonedwa ndi namwino. Njirayi inayenda bwino moti Unduna unaifalitsa dziko lonse, ndipo mayiko ena anadzaphunzira kwa ife. Inapepuza ndalama za chapa (minibasi), koma chachikulu n'chakuti anthu anasiya kudwala mobisala, chifukwa amene wafooka anzake amamudziwa msanga. Ine sindiona chifukwa chimene mabanja a ana a khunyu, kapena a anthu amene akumwa mankhwala a misala ndipo akupeza bwino, sangachitire chimodzimodzi ngati tekiniko wavomereza. M'mudzi mwa mlongo wanu mokha muli mabanja angapo otere, aliyense akubisa wake kuseri kwa nyumba. Ma APE, alangizi athu a zaumoyo a m'midzi amene amayeza malungo ndi kupereka mankhwala a kutsegula m'mimba, amadziwa khomo lililonse, ndipo akanakhala oyamba kusonkhanitsa mabanja amenewa ndi kulondola amene waphonya tsiku lake la kuchipatala.

Za alamu anu, amuna a mlongo wanu, sinditalikitsa, poti mumawadziwa kuposa ine. Ndi a msinkhu wathu, ife amene tinakulira m'misasa ya othawa nkhondo ku Dedza ndi ku Ntcheu, n'kubwerera kuno pambuyo pa mtendere wa mu 1992 kudzapeza mabwinja. Zimene anaona ali mwana sanazinenepo kwa aliyense, ndipo ambiri a ife tinaphunzira kuzimiza mu kachasu. Kumwa kotere nakonso amakuthandiza pa khomo lomwelo la tekiniko, ngati munthu wavomera kupita. Koma ngati n'zoona kuti akaledzera amakweza dzanja, ankhoswe asangoti banja ndi kupirira. Lamulo la mu 2009 linaletsa nkhanza za m'banja kwa amayi, kupolisi kuli ofesi yomvera madandaulo a mabanja ndi ana, ndipo mwana aliyense angathe kuimba nambala ya 116 ya Linha Fala Criança popanda kulipira. Mwana amene amagona ndi mantha mankhwala ake sagwira bwino ntchito, chifukwa kusowa tulo kumadzutsa khunyu.

Asing'anga ndi abusa sindikuwatsutsa onse. Ndiwo amene anthu athu amayamba kuwafikira, ndipo ena a m'bungwe la asing'anga la AMETRAMO amatumiza odwala kuchipatala akaona kuti matendawo si awo. Amene ndimakana ndi amene amauza wodwala kuti ataye mapiritsi, kapena amene amalola kuti munthu amangidwe unyolo pamtengo kwa miyezi. Munthu amene wayamba kumva mawu amene ena sakumva, kapena kuyendayenda usiku, angathe kukhazikika ndi mankhwala monga haloperidol n'kubwerera kumunda, ndipo akafulumira naye amachira bwino kuposa akachedwa. Mlongo wanu apemphere monga amachitira, koma botolo la mankhwala a mwana likhale pomwepo.

Sindikufuna kukunamizani kuti zonse zili bwino. Tekiniko amakhala mmodzi kapena awiri pa distirito ya anthu zikwi mazanamazana, mzere umakhala wautali, ndipo nthawi ya mvula misewu ya kumidzi imaduka. Pali miyezi imene mankhwala ena amasowa, banja n'kuuzidwa kuti likagule ku farmasi. Chinanso n'chakuti ogwira ntchito ena amachokera m'zigawo zina ndipo amalankhula Chipwitikizi chokha, pamene mayi wa ku Domué sangafotokoze za mumtima mwake m'chinenero chimene amangochidziwa pogula mchere. Pa chifukwa chimenechi ndikupempha kuti ulendo woyamba ndidzawaperekeze ine, ndipo mlongo wanu akafuna kulankhula zake zachinsinsi, tidzapempha namwino wamkazi wodziwa Chichewa kuti akhale naye ine nditatuluka.

Ndalama zija musazitumize zonse pakamodzi. Muzigawe kuti mwezi uliwonse pazifika ya chapa ya anthu awiri, ndi ina yapadera yogulira mankhwala mwezi umene asowa kuchipatala. Yotsalayo imangitse chimbudzi chokhala ndi chivundikiro ndi khola la nkhumba, ndipo mnyamatayo mumugulire makope ndi yunifolomu kuti abwerere kusukulu teremu ikubwerayi. Muwaimbire foni ankhoswe a mbali zonse ziwiri muwauze kuti zimenezi mwalamula ndinu, chifukwa mawu a atsibweni adzamveka kuposa anga. Mlongo wanu muzimuimbira Lamlungu lililonse madzulo, ngakhale asayankhe, ndipo akayankha muyambe mwafunsa za iye musanafunse za mwana. Mundidziwitse tsiku limene mwagwirizana nawo kuti ndikonzeke, ndipo mumuuze kuti adzatenge makadi onse akale a kuchipatala, a mwanayo ndi ake omwe.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse.

Ine bwenzi lanu la ku Ulónguè