Mawu sayenda ngati funde la pamadzi

Akonzi,

Ndilolereni ndidandauleko za mmene ana athu akuphunzirira mutu wa kayendedwe ka mawu m'phunziro la sayansi. Kawirikawiri pabolodi pamajambulidwa mzere wokwera ndi kutsika, ndipo mwana amatuluka m'kalasi akuganiza kuti mawu amadumphadumpha mumpweya ngati funde la pamadzi. Si choncho ayi. Mzere uja umangosonyeza pomwe mpweya wapanikizana ndi pomwe wamasuka.

Ikani chala pa sipika ya wailesi ikulira, mumva ikunjenjemera. Ikatulukira kutsogolo imakankha mpweya woyandikana nayo, timamolekyu, tizigawo ting'onoting'ono ta mpweyawo, n'kuthithikana. Ikabwerera m'mbuyo, timamolekyu tija timatalikirana. Kuthithikanako kumapatsiridwa kwa mpweya wotsatira, uwo kwa wina, mpaka kukagwedeza kachikopa ka m'kati mwa khutu. Mpweya weniweniwo suchoka pa sipika kudzafika kwa inu. Kamolekyu kalikonse kamangopita kutsogolo pang'ono n'kubwerera, molunjika komwe mawu akulowera. Choyenda ndi mphamvu yokha.

Kuti mwana aone ndi maso ake, tambasulani sipuling'i yaitali yofewa patebulo, mumangirire kaulusi pa mkombero umodzi wapakati, kenaka mukankhe nsonga yake kamodzi mwamsanga. Kuthithikana kuthamanga mpaka kumapeto, koma kaulusi kaja kangogwedera n'kubwerera pomwe kanali. Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kugwedezera sipuling'iyo cham'mbali. Akatero aonetsa mtundu wina wa funde, womwe uja tikuuthawa.

Popanda chinthu chopatsirana kukankhako, mawu palibe. Wasayansi Robert Boyle anasonyeza izi cha m'ma 1660 popopa mpweya kuuchotsa m'chotengera chagalasi: phokoso la chinthu cholira m'katimo linkazilala mpweya ukamatha.

Chondiwawa kwambiri ndi yankho loti mawu amathamanga m'chitsulo chifukwa chitsulo n'cholemera. Yankholi ndi lolakwika, ngakhale limamveka bwino. Mumpweya wotentha madigiri 20, mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, m'madzi pafupifupi 1,480, m'chitsulo kupitirira 5,000. Chimene chimawathamangitsa ndi kulimba kwa chinthu, kukana kwake kupanikizidwa n'kubwerera msanga m'malo mwake. Kulemera kumawachedwetsa. Mtovu ndi wolemera kuposa chitsulo, koma popeza ndi wofewa, liwiro la mawu mmenemo silifika ndi theka lomwe la m'chitsulo. Chitsulo chimapambana mpweya chifukwa kulimba kwake kumaposa kutali kulemera kwakeko.

Liwiroli ana angaliyeze okha, ndipo ndikupempha aphunzitsi anzanga kuti ayese. Pezani khoma lalikulu losalala pamalo opanda nyumba zina pafupi. Yezani mamita 50 kuchokera pakhomalo. Mwana mmodzi aombanitse timatabwa tiwiri, amve kubwerera kwa mawu, ndipo azisintha kaombedwe mpaka kuomba kulikonse kuzigwera pamodzi ndi kubwerera kwa kuomba kwapitako. Apo ndiye kuti pakati pa kuomba kuwiri mawu akuyenda mamita 100, kupita ndi kubwera. Mnzake ayambitse wotchi pa kuomba kumodzi, awerenge "ziro", n'kupitiriza mpaka 20. Nthawi iyenera kukhala pafupi ndi masekondi 5.8. Gawani mamita 2,000 ndi nthawiyo.

Zimalakwika m'malo atatu. Kuyamba kuwerenga ndi 1 m'malo mwa ziro kumachotsa mpata umodzi, yankho n'kukwera ndi mamita pafupifupi 18 pa sekondi. Kuyeza kuomba kumodzi kokha n'kosathandiza, poti kuchedwa kwa chala pa wotchi kumatsala pang'ono kufanana ndi nthawi yonse imene mukuyezayo. Ndipo mukaima pafupi kuposa mamita 17, mawu amabwerera pasanathe gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, khutu n'kulephera kuwasiyanitsa ndi oyamba aja.

Lembaninso kutentha kwa tsikulo, chifukwa digiri iliyonse yowonjezera imakweza liwiro ndi mamita pafupifupi 0.6 pa sekondi. Gulu limene layeza m'mawa kukuzizira likapeza nambala yotsikirako pang'ono kusiyana ndi la masana, musafulumire kulichonga kuti lalakwa.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa sayansi