Mwana wofunafuna bambo ake tisamunyoze

Akonzi,

Mlongo wanga atabwera ku Joni kudzadya nafe Idi, tinaonera pa laputopu yake filimu ya ku America ya mu 2010. Ndi nkhani ya akazi awiri okhala ngati banja ku Los Angeles, ali ndi mtsikana wa zaka 18 ndi mnyamata wa zaka 15. Anawa anabadwa kudzera mu umuna umene mwamuna wina anapereka kuchipatala, ndipo atasinkhuka ayamba kumufunafuna mwamunayo.

Ine ndine Msilamu, ndipo zimene ndimakhulupirira pa nkhani ya ukwati sizinasinthe. Ndikudziwanso kuti mu June 2024 khoti ku Blantyre linagamula kuti malamulo oletsa kugonana kwa amuna okhaokha akhalebe, ndipo umodzi mwa milandu imene khotilo linkaunika unayambira kuno ku Mangochi. Koma chimene chinandigwetsa misozi usiku umenewo ndi mnyamata uja, mmene ankamuyang'anitsitsa munthu wachilendoyo, maso ali pa nkhope, kufuna kuona ngati akufanana naye.

Maso amenewo ndimawaona pakhomo panga. Ine ndi mng'ono wanga tikulera mwana wake wamwamuna tili awiri. Bambo ake anakwera basi ya ku Joni mwanayo akukwawa, poyamba ankatumiza kangachepe, kenako foni inangoti zii. Ine ndimagulitsa usipa, mng'ono wanga amasoka. Mwanayo amanditchula amayi aakulu.

Tsiku lina anabwera kusukulu malaya atang'ambika paphewa. Anzake anamuuza kuti kwawo kuli amayi awiri ngati za azungu zija, ndipo anamutchula dzina lonyansa limene analimva kwa akuluakulu. Nsima sanadye. Madzulo anatenga foni yanga, natsegula chithunzi chimodzi chokha cha bambo ake chimene tili nacho, n'kundifunsa kuti, "Amayi aakulu, mphunoyi ndi yangayi eti?"

Ku Namwera, ku Makanjira, konse kuno, makomo ambiri ayimira pa akazi chifukwa amuna ali kutheba. Ndikupempha mashehe, abusa ndi aphunzitsi kuti polankhula za maukwati a amuna okhaokha kapena akazi okhaokha azikumbukira kuti ana ali pomwepo akumvetsera, ndipo mawu achipongwe amakawatula pa mnzawo pa nthawi ya buleki. Wathuyu mpaka lero akukana kudzera njira ya kubwalo la mpira pobwerera kunyumba.

Mayi wokhudzidwa,
M'baluku, Mangochi