Wodi iliyonse ikhale ndi mnzathu wotiphunzitsa kunyamula odwala

A Mkonzi,

Kalatayi ndikuilemba nditaimirira, chifukwa ndikakhala pampando nthawi yaitali mwendo wakumanzere umachita dzanzi mpaka kuchala. Msana wangawu ndinauvulaza mu 2002, ndili ndi zaka 27, ndili pa naiti m'wodi ya abambo pachipatala china kwathu ku Malawi. Chipatalacho sindichitchula, popeza zimene zinandigwera zikanandigwera kulikonse.

Usiku umenewo bambo wina wa sitiroko, wamkulu thupi, anatsetsereka pabedi mpaka mapazi ake anakagunda chitsulo cha kumiyendo. Chibwano chinali chitagwera pachifuwa ndipo ankapuma movutikira. Tinalipo awiri, ine ndi akazi awo amene ankawadikirira. Tinachita zimene aliyense ankachita masiku amenewo: ine mbali iyi, mayiwo mbali iyo, mikono yathu m'khwapa mwa wodwalayo, kuwerenga mpaka katatu n'kukoka. Mayiwo anachedwa pang'ono, kulemera konse kunabwera kwa ine ndili chowerama, ndipo ndinamva ngati wina wandibaya ndi msomali wamoto m'munsi mwa msana. Ntchito ndinaimaliza mpaka m'mawa. Nditawauza a sisita oyang'anira wodi, anandipatsa Brufen n'kunena kuti, "Ndiye unamwinowo mwana wanga, tonse tili choncho." Sanali ankhanza ayi. Iwonso ankayenda atamanga lamba m'chiuno mkati mwa yunifolomu. Palibe amene analemba paliponse kuti namwino wavulala.

Chimene chimandipweteka kuposa msana ndi bambo aja. Patapita masiku angapo ankalira tikangokhudza phewa la mbali yofa ziwalo. Nthawi imeneyo sindinadziwe kuti minofu ya phewa la munthu wa sitiroko imakhala italefuka, moti kumukoka m'khwapa kungathe kusuntha fupa pamalo pake. Mwina ndinali ine, mwina anali wina wa masana, pakuti tonse tinkakoka chimodzimodzi.

Mu 2004 ndinabwera kuno ku Britain, monga anachitira anamwino ambiri a zaka zimenezo. Ndisanakhudze wodwala aliyense anandikhazika m'kalasi tsiku lathunthu kuphunzira kasunthidwe ka odwala, chifukwa kuno kuli lamulo la 1992 lotchedwa Manual Handling Operations Regulations, limene limakakamiza olemba ntchito kuunika ndi kuchepetsa kunyamula kulikonse kumene kungavulaze wantchito. Satifiketi ndinalandira. Koma ndinene zoona, sabata yotsatira, ntchito itathina, manja anga anapita okha m'khwapa mwa wodwala. Chizolowezi cha zaka zisanu ndi chimodzi sichitha ndi kalasi ya tsiku limodzi.

Amene anandisintha ndi mayi wina wa ku Philippines, wothandizira anamwino, wotsika kwa ine paudindo. M'wodi mwathu ndiye anasankhidwa kukhala woyang'anira za kanyamulidwe ka odwala. Anandigwira padzanja mofatsa, wodwala osazindikira n'komwe, n'kundinong'oneza kuti ndidikire. Anakatenga nsalu ziwiri zoterera za nayiloni, zimene kuno amazitcha slide sheet. Anakweza bedi kufika m'chiuno mwathu, anagoneka kumutu kwake kuti likhale lafulati, anayang'ana mabuleki. Tinamutembenuza wodwalayo pang'ono mbali iyi, pang'ono mbali iyo, nsalu zija zinalowa pansi pake. Kenako anamufunsa mwiniwakeyo kuti, "Mungathe kupinda maondo n'kukankha ndi zidendene?" Anatha. Ife tinangogwira nsalu yapamwamba, phazi limodzi kutsogolo lina kumbuyo, n'kusuntha thupi lathu lonse m'malo mokoka ndi mikono. Bambo wolemera kuposa makilogalamu 90 anayenda pabedi ngati bwato pamadzi. Ndinapita kuchimbudzi kukalira, nditakumbukira usiku uja.

Mayi ameneyu sanandinenere kwa abwana. Tsiku lotsatira anabweranso, sabata yotsatira anabweranso, mpaka manja anga anaiwala njira yakale. Patapita zaka zingapo udindowo unadzagwera ine. Si ntchito yapadera yokhala ndi ofesi. Umagwirabe ntchito yako yonse, koma umapatsidwa maphunziro owonjezera ndi maola ochepa pamwezi oti uone ngati zipangizo zili bwino, uyende ndi antchito atsopano pabedi penipeni, ulembe pamene wina wavulala kapena watsala pang'ono kuvulala, ndipo ukanene kwa akuluakulu chimene chikusowa. Ku America nako, zipatala za asilikali opuma za Veterans Health Administration zinafalitsa dongosolo lotere mu 2008, ndipo wodi iliyonse inali ndi wantchito wotsogolera anzake pankhani imeneyi. Anazindikira kuti makina onyamulira odwala amangokhala pakona ataunjikidwa mabulangete ngati palibe munthu wa m'wodi momwemo amene akulimbikitsa anzake kuwagwiritsa ntchito.

Pali nambala imodzi imene ndikufuna namwino aliyense ndi gadiyani aliyense aisunge. Mu 2007 katswiri wina wa NIOSH, bungwe lofufuza za chitetezo ndi umoyo wa pantchito ku America, Thomas Waters, anawerengetsera kuti munthu wosamalira odwala asanyamule ndi manja kulemera koposa mapaundi 35, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 16, ndipo apo n'kuti wodwalayo ndi womvera, ali pafupi ndi thupi lako, iwe sunawerame. Ndowa ya madzi ya malita 20 imaposa pamenepo. Tsono munthu wamkulu, ngakhale atawonda ndi matenda, amatha kufika kapena kuposa thumba la chimanga la makilogalamu 50. Thumba silidzidzimuka, siligwira khosi lako ndi mantha, lilibe diripi kapena paipi ya mkodzo. Nthawi ina tinkauzidwa kuti ukapinda maondo n'kuwongola msana ndiye kuti watetezeka. Kupinda maondo kumathandiza, koma sikuchotsa kulemera. Nkhani yagona poleka kunyamula kumene: kutsetsereza, kugubuduza, ndi kumulola wodwala kuchita yekha chimene angathe.

Ndikudziwa zimene anzanga a ku Queens, ku Kamuzu Central, ku Zomba, ku Mzuzu ndi m'zipatala za m'maboma anene akawerenga izi. Ati, "Mayi inu mwakhalitsa kunja. Kuno bedi silikwera, mabuleki a wilitcheya anathyoka kalekale, odwala ena agona pansi pamatiresi, ndipo usiku namwino amatsala yekha ndi wodi yodzaza." Zonsezo n'zoona, ndinazikhala. Ndipo sindikunena kuti munthu mmodzi wophunzitsidwa angalowe m'malo mwa antchito okwanira ndi zipangizo. Boma lisadzabisale kumbuyo kwake. Koma kumene kulibe makina ndi kumene luso la manja likufunika kwambiri, chifukwa thupi la munthu ndilo likugwira ntchito yonse. Kufunsa wodwala chimene angathe tisanamugwire sikulira ndalama. Kugwirizana kuti awerenge ndani, ndipo tisuntha pa mawu ati, sikulira ndalama. Shiti yopinda pawiri yoyalidwa kuyambira m'mapewa mpaka m'ntchafu imapereka pogwira pabwino kuposa m'khwapa. Munthu wa ngozi ya kabaza amene tikumukayikira msana amafunika anthu anayi omutembenuza ngati chipika, mmodzi atagwira mutu ndipo ndiye wolamula. Wogona pansi, mmalo momunyamula ndi mikono, ngati ali ndi mphamvu pang'ono timamutembenuza agwade, agwire mpando, adzuke pang'onopang'ono. Ngati alibe mphamvu, tiitane anthu okwanira ndi machira. Nsalu zoterera zimene ndatchula zija ndi nayiloni wamba wolimba. Akatswiri athu atagwirizana za mtundu wa nsalu, kukula kwake ndi kachapidwe kake, matelala athu angathe kuzisoka.

Koma amene anandichititsa kulemba kalatayi ndi magadiyani. Chaka chatha ndinabwera kudzazonda azakhali anga m'wodi ya amayi pachipatala china. M'mawa cha m'ma 5 koloko ndinaona mtsikana wa zaka mwina 15, wochepa thupi, atabereka agogo ake kumbuyo ndi chitenje, akupita nawo kubafa. Simenti inali yonyowa, iye atavala masilipasi. Miyendo ya agogowo inkakwekwereka pansi. Pabedi loyandikana ndi la azakhali, amayi awiri ankadzutsa mchemwali wawo pomukoka mikono, iye akukuwa. Anamwino anali kumapeto kwa wodi ndi thirole ya mankhwala, ndipo sindikuwaimba mlandu, analipo awiri okha. Kwathu ntchito yambiri yonyamula, kutembenuza, kusambitsa ndi kupititsa wodwala kuchimbudzi ili m'manja mwa achibale. Amagona pansi pa bedi kapena m'khonde, amaphika kushedi ya magadiyani, ndipo palibe amene anawaonetsapo kagwiridwe. Wodwala akatulutsidwa, anthu omwewo ndiwo akamunyamule kumudzi miyezi kapena zaka, pamphasa, popanda namwino pafupi. Mayi amene wavulala msana posamalira mwamuna wake sangalime, sangatunge madzi. Wodwala amene achibale akuopa kumutembenuza amayamba zilonda za pabedi, n'kubwereranso kuchipatala ali woipirapo.

Ndinavula nsapato, ndinagwada, ndinawaonetsa amayi awiri aja kutembenuza mchemwali wawo chammbali, kutsitsa miyendo pansi, n'kumudzutsa atamugwira kumbuyo kwa phewa ndi m'chiuno. Sizinatenge mphindi khumi. Madzulo ndinawapeza akuphunzitsa a pabedi lina. Apa ndi pamene ndinaona kuti kwathu dongosolo limeneli lingathe kufika patali kuposa kuno ku Britain, chifukwa magadiyani amaphunzitsana okha akangopatsidwa poyambira. M'mawa uliwonse m'mawodi ambiri mumakhala kale nthawi yolankhula ndi magadiyani za ukhondo ndi malamulo a m'wodi. Mphindi khumi za nthawi imeneyo zingakhale zoonetsa pabedi, ndi manja, osati ndi pakamwa pokha.

Maziko tili nawo kale. M'zipatala zathu muli anthu osankhidwa oyang'anira za kupewa matenda opatsirana, muli magulu a QIST oona za kutukula ntchito pachipatala chonse ndi timagulu ta m'mawodi tolimbikitsa ntchito yabwino, zimene zinakula ndi dongosolo lokonza malo ndi kagwiridwe ka ntchito la 5S-KAIZEN mothandizidwa ndi bungwe la ku Japan la JICA. Tili ndi akatswiri a mafizo ophunzira ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ndi ena amene anadutsa ku Kachere ku Blantyre, anthu odziwa bwino kuyendetsa thupi lofooka. Iwowa ndiwo angaphunzitse osankhidwa a m'mawodi, pachipatala pomwepo, pamabedi omwewo osakwera aja. Ndikupempha kuti zisakhale za wekishopu ya ku Mangochi kapena ku Salima, kumene amapita yemwe dzina lake lafika pamndandanda wa alawansi, n'kubwera ndi fayilo yokaika m'kabati.

Kasankhidwe ndiko kofunika kwambiri. Asankhidwe ndi anzake, ndipo akhale munthu amene anthu amamumvera chifukwa cha manja ake osati chifukwa cha udindo wake. Angathe kukhala patient attendant, pakuti nthawi zambiri ndiwo amakankha machira ndi kunyamula kwambiri kuposa tonsefe, ndipo msana wawo sautchula aliyense. Akhale awiri kapena atatu pawodi kuti naiti isasowe munthu, chifukwa ngozi zambiri zimene ndaziona ine zachitika usiku anthu ali ochepa ndi otopa. A metroni amupatse nthawi yolembedwa pa rosita. Kuno ndinaona wodi ina kumene munthu anangopatsidwa baji, nthawi osamupatsa, ndipo patatha miyezi itatu zonse zinazilala. Asasandukenso wapolisi. Tsiku limene anamwino ayamba kubisa kuti avulala poopa kufunsidwa kuti "bwanji simunatsate malangizo", ndiye kuti cholinga chatayika.

Ndipo pakhale kabuku. Dziko lathu lili ndi lamulo la chitetezo ndi umoyo wa pantchito la 1997, komanso lamulo la chipukuta misozi cha ovulala pantchito la 2000. Ine sindinapindule ndi lamulo la chipukuta misozili chifukwa kuvulala kwanga sikunalembedwe. Mnzathu wa m'wodi akhale wosunga kabuku ka tsiku, nthawi, bedi, chimene chinachitika ndi chimene chinasowa. Pakutha pa chaka a bungwe la anamwino ndi azamba la NONM akamakambirana ndi Unduna wa Zaumoyo adzakhala ndi umboni m'manja wa anthu angati avulala ndi pati pakufunika mabedi okwera kapena mawilitcheya a mabuleki. Ndikupemphanso a Nurses and Midwives Council aonetsetse kuti ophunzira unamwino akuyesedwa luso limeneli pabedi asanalandire chilolezo, ndipo kukoka m'khwapa kuletsedwe poyera.

Mwana wa mchimwene wanga ali chaka choyamba kusukulu ya unamwino. Mwezi watha, atamaliza masabata ake oyamba m'wodi, ananditumizira uthenga pa WhatsApp kuti, "Anti, msana ukundiwawa, koma akuti ndizolowera." Ali ndi zaka 19. Ndamutumizira nsalu ziwiri zoterera kudzera mwa mnzanga amene akubwera kumudzi, ndipo ndamuonetsa pavidiyo kagwiritsidwe kake. Wandiyankha kuti wamva, koma akufunsa kuti mbali inayo ya bedi adzaimako ndani, popeza m'wodi monse palibe wina amene anazionapo.

Ine wanu,
Namwino wochokera ku Ntcheu,
Manchester